Maenje Awiri Pabwalo la a Mukhova

Loweruka likubwerali kuli mwambo wovundukula chiliza cha a Mukhova, ndipo ndamva kuti amene akawerenge mbiri yawo ndi Bonifesi yemwe uja. Chabwino. Iye akawerenge yake, ine ndalemba yangayi. Sukulu sindinapite nayo patali, cholembera ndimachigwira ngati chikwanje, koma zimene ndinaona ndi maso angawa sizifuna satifiketi.

Chaka chatha pamaliro, Bonifesi anaimirira atavala suti yakuda, pepala lili m'manja, nati malemuwa anadwala kanthawi kochepa ndipo Chauta wawatenga. Ine ndinadzuka pabenchi kuti ndifunse dzina la matendawo. Anthu anandikoka jekete mpaka batani linaduka. Akuti pamaliro sayambanirapo. Ndinakhala pansi. Koma batani lija sindinalisokererenso, ndipo mawu aja sanabwerere m'mimba.

Kwa inu amene simukumudziwa, Bonifesi ndi mwana wa mng'ono wawo wa a Esinala, mkazi wa a Mukhova. Ali ndi golosale pa Khonjeni ndi njinga zamoto za kabaza, ndipo chimwalirireni amalume ake ndiye amayang'anira mbumba ya pamudzi paja. A Mukhova iwo anali mkamwini. Anabwera ali mnyamata kudzakwatira, anamanga nyumba, anabereka ana aamuna okhaokha amene nawonso anapita kukakwatira kwina, wina ku Thekerani, wina kutsidya kwa malire. Inunso mukudziwa mmene zimakhalira. Mkamwini wopanda mwana wamkazi, mkazi wake akangotsogola, amatsala ngati chipewa chimene mlendo waiwala pakhonde. Kwawo kwenikweni kwa a Mukhova kunalibenso amene ankawadziwa. Zimene zinkawagwira pamudzi paja zinali ziwiri, mkazi wawo ndi chitsulo chawo. Mkaziyo anatengedwa ndi Mulungu. Chitsulo chinatengedwa ndi Bonifesi.

Chitsulo ndikunenachi chinali pabwalo, pakati pa nyumba ndi khitchini: nsanamira ziwiri za muwanga, pamwamba pake chitsulo chopingasa. M'mawa uliwonse, kaya kuli chiperoni kaya kuli dzuwa, a Mukhova ankatuluka chifuwa chili pamtunda, kulavulira m'manja, kudumpha pang'ono, n'kugwira. Poyamba ankangolendewera, mutu ataweramitsa ngati munthu akupemphera, mpaka msana utalira. Kenako ankadzikoka pang'onopang'ono mpaka chibwano chitadutsa chitsulo, n'kutsika mosathamanga. Ankanena kuti kukwera n'kwa aliyense, ngakhale nyani amakwera, koma munthu amadziwika potsika. Sankawerenga. Ukawafunsa kuti lero mwakwera kangati, ankakuyankha kuti iwo si kalaliki wa pasikelo.

Anali munthu wamfupi, miyendo yowonda ngati ya kakowa, koma kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba munali anthu awiri. Jekete lililonse la pakaunjika linkawathina m'mapewa n'kuwatalikira m'manja. Ukawapatsa moni wa padzanja unkakhala ngati wagwira khungwa la mtengo. Mowa sankamwa, fodya sankasuta, kuseka kunali kosowa, ndipo kuyamikira munthu sindinawamvepo. Musaganize kuti ndikulemba za mngelo. Pakamwa pawo panali polasa. Ineyo anandipatsa dzina loti Wailesi chifukwa cha mawu angawa, ndipo ankati amene anandipanga anaiwala kuika pozimitsira. Ndikakweza mawu kwambiri ankangotambasula dzanja n'kundipotokola khutu ngati akuchepetsa voliyumu, pamenepo ine ndili kale bambo wa ana. Wina aliyense akanayesa zimenezo akanalawa dothi. Iwo okha ndinkawalola.

Ndinawadziwira ku esiteti, ine ndangolembedwa kumene, iwo ali kale ndi ndevu. Tinkathyola tiyi mizere yoyandikana. Amene sanasenzepo dengu la tiyi wonyowa pamalo otsetsereka sangamve zimene ndikunena. Limakukoka m'mapewa, khosi limapita kutsogolo, chiuno kumbuyo, ndipo ukakhalitsa pantchitoyo thupi limaiwala kuwongoka. Madala ambiri a m'makomboni ankayenda ngati akusaka singano yogwa. A Mukhova ankati dengu limam'perekeza munthu kumanda, chaka chilichonse limamutsitsa pang'ono kuti podzalowa m'dothi asadzavutike, ndipo iwo analumbira kuti dothi lidzachita kuwatsatira m'mwamba.

Pamalo oyezera tiyi sikelo ankaikoloweka pamtengo wopingasa. Kalaliki akangoichotsa, a Mukhova ankalendewerapo iwo. Kapitawo wina anawafunsa tsiku lina kuti, "Mukufuna tikuyezeni nanunso?"

"Yezani," anayankha ali m'mwamba momwemo. "Kapena ine ndiye mundilembera makilo oona."

Kunyumba anayamba ndi mtengo wa bulugamu. Unauma, unathyoka, anagwa chagada. Anaika nsungwi, inang'aluka n'kuwatsina chikhatho, chipsera chake anapita nacho kumanda. Anapeza paipi ya madzi, inapindika pakati ngati uta, ndipo kukagwa chiperoni inkaterera. Ine ndinawauza kuti akuchulutsa, kulendewera n'kulendewera basi, ngakhale nthambi ya mango ikhoza. Sanandilankhule nyengo yonse yodulira tiyi. Tikakumana pamzere ankauza munthu wina kuti auzeni a Wailesi asendere uko.

Anakangananso ndi mkulu wa mpingo amene anabwera kudzadandaula kuti Lamulungu m'mawa amayi opita kutchalitchi amawaona osavala malaya. Anamuyankha kuti thupi nalonso ndi kachisi, ndipo kachisi wosakonzedwa amagwera anthu. Mkulu uja anasintha njira. Amene sanagonje anali a Esinala okha. Akakwiya sankalalata ayi, ankangochapa n'kuyanika zitenje zonyowa pachitsulo pomwepo. Mudzi wonse unkadziwa kuti ukaona zitenje pachitsulo cha a Mukhova, m'nyumbamo simunagonedwe bwino. Iwo ankazichotsa chimodzichimodzi, kuziyanika pawaya, n'kupukuta chitsulo ndi chiguduli.

Chidani cha Bonifesi chinabadwira pachitsulo pomwepo. Iye sanapite kuchikamwini ngati ife. Atayamba kuoneka bwino anakatenga mkazi kwa Mphuka n'kubwera naye pamudzi. Tsiku lina, mkaziyo adakali mlendo, tili pabwalo la a Mukhova tikutong'ola chimanga, Bonifesi anafuna kudzionetsa. Anavula shati, anapatsa mkazi wake wotchi kuti amugwirire, n'kudumphira chitsulo. Anakoka. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, miyendo inapalasa ngati ali panjinga, koma chigongono sichinapindike.

"Bambo, chitsulo chanuchi n'chonenepa kwambiri," anatero ali wefuwefu.

A Mukhova sanadzutse n'komwe mutu pachimanga chimene ankatong'ola. "Chonenepa chilipo, mwana wanga, koma si chitsulo. Tsika, ungandipindire. Ndinachisankhira anthu, osati matumba a feteleza."

Mkazi uja anaseka. Anayesa kubisa nkhope m'chitenje koma mapewa anamuulula. Ine ndinaseka mpaka anandimva kutsidya kwa mtsinje, ndipo zitachitikanso lero ndikhoza kusekanso chimodzimodzi. Bonifesi anavala shati yake mabatani osalingana, nachoka. Anasunga mawu amenewo zaka zonsezi ngati mbewu m'nsupa.

A Esinala anamwalira nyengo yokolola. Atatha maliro ndi kumeta, a mbumba anachita mwambo wowasudzula a Mukhova, kuwauza kuti tsopano ndi omasuka, akhoza kubwerera kwawo. Kwawo kuti? Munthu mano anathera pamudzi pomwepo. Amayi ena a mbumba anamva chisoni nati asiyeni agogowa adzafere m'nyumba yawo. Bonifesi anavomera akumwetulira ngati munthu wachifundo, koma anawonjezerapo ake. Anati m'nyumba akhalemo, koma bwalo ndi la mbumba, ndipo chimene mkamwini anazika m'nthaka ya eni chiyenera kuzulidwa, kuopa kuti mawa ana ake angabwere n'kumaloza kuti apa ndi pa bambo athu.

Tsiku lozula ndinalipo. Bonifesi anabwera ndi amuna amene amamuumbira njerwa, makasu ali pamapewa.

"Bonifesi," ndinatero, "amene anazika nsanamirazi si a Mukhova. Anasinjira dothi lake ndi mayi ako aakulu, ndi munsi wawo. Mudzi wonse ukudziwa."

"Ndiye kawaitaneni, madala, adzanene okha."

"Ukunena munthu amene dothi la pamanda ake silinaume?"

"Ine ndikunena mwambo. Inunso ndinu obwera, a Wailesi. Muzilankhula motsitsa."

A Mukhova anali pakhonde, manja pamaondo, zala zikungofumbata n'kutambasuka. Muwanga ndiwo unawalankhulira, chifukwa unakana kutuluka. Amuna aja anakumba mpaka dzuwa linafika paliwombo, thukuta lili chuchuchu. Nsanamira zinatuluka zathunthu, chiswe sichinalawepo n'komwe. Zinakathera mu uvuni wa njerwa za Bonifesi. Chitsulo anachimanga panjinga yamoto ngati mbuzi yopita kumsika.

Anthu atayamba kumunena kumjigo ndi kutchalitchi, Bonifesi anatulukira ndi katoni yochokera ku Limbe. Pakatonipo panali chithunzi cha mnyamata wa minofu, akumwetulira, atalendewera pakhomo la nyumba yopaka penti. M'katimo munali kapaipi konyezimira, kokhala ndi timasiponji takuda mogwiramo. Akuti umakapotokola n'kumatalika mpaka katakankha feremu ya chitseko uku ndi uku, basi kagwira, popanda msomali, popanda dzenje. Anaitana ndi anthu omwe kuti adzaone akupereka.

"Izi ndiye zamakono, bambo. Muzipangira m'nyumba, mphepo isamakuombeni. Ukalamba umafuna ulemu."

A Mukhova anakalandira ndi manja awiri. Anakayeza kulemera padzanja, anakagogoda ndi chikhadabo, n'kukaika kukhutu. Anangoti zikomo. Ine nditaona akuika kukhutu, mtima unandiwawa, chifukwa ndinakumbuka tsiku limene anasankha chitsulo chenichenicho. Tsiku limenelo ndilo ndikufuna kuti mulimve bwino, chifukwa Bonifesi sakaliwerenga.

Linali tsiku limene anapuma ntchito ku esiteti. Nthawi imeneyo wopuma ankasankha, njinga yakapalasa kapena malata. A Mukhova anakana zonse. Anapempha kuti awalole kulowa kuseri kwa fakitale, kumene amataya zitsulo za makina akutha, akasankheko chimodzi. Kalaliki anawafunsanso ngati amva bwino. Anthu pamzere anati madalawa tiyi wawalowa m'mutu. Ine anandikodola kuti tipitire limodzi, ndipo ndinawatsatira ndikuwanena njira yonse chifukwa cha njinga ija.

Kuseriko kunali phiri la zitsulo, udzu utamera pakati, abuluzi akuwothera dzuwa pamwamba. Ine ndinkafuna tingotola choyamba tizipita. Iwo anatola mwala. Chitsulo chilichonse chachitali ankachidzutsa, kuchigogoda, n'kutchera khutu. Chikalira mopepera ngati chitini ankachiponya, ati chili ndi mphako, dzimbiri limadya m'kati munthu osaona. Chikalira mogontha, ati chili ndi mng'alu. Ankafuna cholira nthawi yaitali ngati belu la tchalitchi. Chikapambana pamenepo, ankachifumbata. Chala chachikulu chinkayenera kungokhudza nsonga ya chala chapakati. Chikapitirira ndiye kuti chitsulo n'chowonda, chizidula dzanja. Chikalephera kufika ndiye kuti n'chonenepa, zala zizitopa mapewa asanayambe n'komwe ntchito. Chosalala kwambiri anachikana, ati chiperoni chikagwa chimasanduka mlamba. Chokhakhala kwambiri anachikananso. Ankafuna chokanda pang'ono, ngati lilime la mphaka.

"Achimwene, dzuwa lapendeka," ndinatero. "Kodi mukufunsira mbeta?"

"Mbeta njosavuta, Wailesi. Mkazi akafuna kukusiya amayamba wakutukwana, umakonzeka. Ichi chimakusiya uli m'mwamba."

Anachipeza pansi penipeni, chitapsinjidwa ndi zinzake, shafiti ya makina ena akalekale, yakuda bii ndi girisi wouma. Atachigogoda chinalira mpaka ine ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kwa ine si nkhani yamasewera. Anachisanjika pamigolo iwiri n'kundiuza kuti ndikwere pakati ndidumphe. Masiku amenewo ndinali ndi thupi. Ndinadumpha ndi mkwiyo wonse wa njinga ija. Chitsulo sichinagwedezeke. Pamenepo ndi pamene ndinaona mano a a Mukhova koyamba, onse mpaka a kumapeto.

Anachinyamula okha paphewa, kudutsa m'minda ya tiyi, kutsata njanji mpaka kumudzi. Ine sanandilole ngakhale kugwira kunsonga. Ndinawafunsa kuti nanga munandiitaniranji. Anati ankafuna chinthu cholemera choti chidumphepo.

Nsanamira anakazidula okha kumapiri a ku Thekerani. Tsiku lozika ndi limene kunabwera a Sitima, mchimwene wa a Esinala, amene ankayang'anira mbumba nthawi imeneyo. Anaima patali manja ali kumbuyo, nati alamu, mwaiwala kodi, mkamwini amalima chimanga chimene chimatha chaka chomwecho, sabzala mtengo, sazika chokhalitsa. A Mukhova anaima chilili, nsanamira ili m'manja. Mwambo ndi umenewodi. A Esinala anatuluka m'khitchini atanyamula munsi.

"Achimwene, bwaloli ndi langa kapena lanu?"

"Ndi lako, mlongo wanga, koma..."

"Ndiye wozika ndine. Amuna angawa angondigwirizira."

Anauza amuna awo kuti aime chonyang'ama, atambasule manja m'mwamba, ndipo pamene panafika nsonga za zala anadinda pansanamira ndi khala. Kenako anathira miyala ndi dothi la pachulu m'maenje muja n'kuyamba kusinja, akuimba nyimbo ya pamtondo, mpaka pansi panalimba ngati simenti. A Sitima anaonerera kanthawi, anaseka, n'kupempha mpando. Anali munthu a Sitima. Mphwawo sanatengeko kanthu.

Tsopano mwamva chimene Bonifesi anazula, ndi chimene anabweretsa m'malo mwake.

Kapaipi kaja a Mukhova anakaponya pansi pa bedi. Anayesa nthambi ya mango kuseri kwa nyumba, koma inali yonenepa, ndipo nyerere zofiira zinkawatsikira m'khwapa. Ine ndinawauza kuti bwerani tikazike kwanga, mkazi wanga walola. Anakana.

"Iwenso uli pamudzi pa eni, Wailesi. Mkazi wako akadzatsogola adzakuzuliranso. Maenje awiri akwana mudzi uno."

Miyezi siinapite yambiri, dengu lija linawapeza. Ntchito anasiya kalekale koma linali likuwadikira. Mapewa anayamba kugwera kutsogolo, khosi linatsika, ndipo munthu amene ankayang'ana anthu m'maso anayamba kuwayang'ana m'mabatani a malaya. Tsiku lina tikuchokera kumsika anaima panjira nandifunsa ngati afupika. Ndinati ayi. Anati wailesi imeneyi yayamba kuulutsa mabodza.

M'mawa wina wa chiperoni mkazi wanga anamva chiphokoso ngati khoma lagwa. Tinathamangira komweko. Tinawapeza ali chagada pakhomo, feremu ili pachifuwa, njerwa za pamwamba pa chitseko zili mbwee, kapaipi kaja adakakagwirabe ndi manja onse awiri. Nyumba zathuzi njerwa zake timamangira dothi, osati simenti. Feremu inali ya matabwa a bulugamu, chiswe chitadya m'kati n'kusiya penti yokha. Mnyamata wa pakatoni uja amalendewera m'nyumba ya m'tauni. Bonifesi amawotcha njerwa, amadziwa bwinobwino mmene timamangira kuno. Musandiuze kuti sanadziwe.

Fupa la m'chiuno linathyoka. Anapita nawo kuchipatala, anabwera nawo, sanaimenso. Amenewo ndiwo matenda a kanthawi kochepa aja.

Ndinkapita kukawaona masana aliwonse. Tsiku lina, ndikuwatukwanira Bonifesi monga mwa nthawi zonse, anakweza dzanja kufuna khutu langa. Ndinawerama kuti alifikire.

"Kapaipi kaja ndinakayesa, Wailesi. Ndinakagogoda, ndinakaponda. Ndinadziwa kuti n'kachabechabe, koma ndinati thupi langa lapepuka, kandipirira. Chimene sindinagogode ndi feremu. Ndinaiika ndekha, ndiye ndinaikhulupirira."

"Musamuchotsere mlandu mwana uja, achimwene."

"Sindikumuchotsera. Ndikukuuza kuti uzigogoda."

Zimenezo ananena iwo, ndipo ndazilemba mmene ananenera chifukwa sindine wakuba mawu. Koma ine ndikuti munthu amene ali ndi chitsulo chake pabwalo salendewera pachitseko.

Chakumapeto anandipempha kuti ndibwere ndi mpini wa khasu. Ndinkaima chotang'adza pamwamba pa mphasa yawo, mpini ndili nawo chopingasa, iwo n'kugwira ndi manja aja. Ankakoka mpaka mutu ndi mapewa zitasiyana ndi mphasa, n'kutsika pang'onopang'ono, mosathamanga, monga kale. Akatha ankandiuza kuti ndikunjenjemera ngati bulugamu wamuwisi, ndipo akanakhala ndi mphamvu akanandibweza kukasankha wina. Anatisiya nyengo yozizira isanathe. Bonifesi anabwerako kamodzi nthawi yonse ya kudwala kwawo. Anaima pakhomo lopanda feremu lija, anayang'ana m'mwamba pamene panagumuka, anafunsa ngati akudya, n'kubwerera. M'nyumba sanalowe.

Chitsulo chilipo. Mukafuna kuchiona pitani pa Khonjeni, kutsogolo kwa golosale ya Bonifesi. Anachiwotcherera patimapaipi tiwiri tatifupi, chofika m'maondo, kuti anyamata ake a kabaza azimangirirapo njinga ndi tcheni. Agalu amachikodzera. Koma yang'anani bwino, muona malo awiri owala, otalikirana ngati mapewa a munthu, pamene manja a a Mukhova anadya chitsulo zaka zonse zija. Dzimbiri lagwira kwina konse, pamenepo likuopabe.

Tsiku la msika lililonse ine ndimapita. Ndimaima patsogolo pake, kuvula chipewa, n'kuchipatsa moni wa m'mawa wa Chilomwe ndi mawu anga onse: "Moseliwa, a Mukhova?" Mwini golosale sindimulonjera. Ogula amatembenuka, amafunsa kuti madalawa akulankhula ndi ndani, ndipo ine ndimawauza, kuyambira pamunsi wa a Esinala mpaka panjerwa za pachifuwa. Ena amabweza sopo pashelefu n'kukagula patsidya.

"Madala, mukundithamangitsira makasitomala," anandiuza mwezi watha, akulankhula chapansipansi.

"Bweza chitsulo."

"Ndibweze kwa ndani? Mwiniwake kulibe."

"Maenje ake alipo."

Analowa kuseri kwa kauntala n'kukweza wailesi yake. Yake ili ndi pozimitsira, ine ndilibe.

Choncho Bonifesi, ngati wina akuwerengera zimenezi, imva. Uli ndi masiku mpaka Loweruka. Chitsulo chikapanda kubwerera pabwalo pake, iwe ukatha kuwerenga pepala lako kumanda ine ndidzaimirira ndi langali, pamaso pa abusa, pamaso pa ana a malemu amene akubwera kuchokera kutali, pamaso pa mkazi wako amene anaseka tsiku lija. Jekete ndikalisiya kunyumba. Tione chimene akandikokere.

Nyumba ya a Mukhova tsopano mulibe munthu. Pakhomo anatsekapo ndi lata lakutha, atalitsamiritsa ndi mwala. Denga la khitchini linagwera m'kati. Waya woyanikapo zovala adakalipo, mbali imodzi inaduka, ikungokwawa pansi. Pabwalo pamera chisoso ndi bonongwe mpaka pakhonde.

Maenje aja Bonifesi anawakwirira n'kubzalamo ana a nthochi. Ndinapita masana, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndinazula nthochizo n'kufukulanso. Anathiramo zidutswa za njerwa. Ndinazitola ndi manja chimodzichimodzi. Pano anatopa, sakwiriranso. Maenjewo ali pomwe analili, ozungulira bwino, m'mbali mwake molimba ndi dothi la pachulu limene a Esinala anasinja. Chiperoni chikagwa amadzaza madzi, nkhuku zimamwamo. Pakati pa awiriwo pali kamalo kolowa pang'ono ngati mbale, pamene mapazi a a Mukhova ankatera m'mawa uliwonse. Udzu wazungulira konse, pamenepo wakana kumera. Njira yopita kumjigo imadutsa chapafupi, ndipo ndaona kuti aliyense wodutsa, ngakhale amayi atasenza ndowa, akafika pamenepo amadzutsa maso pang'ono kuyang'ana m'mwamba, pamene pankafika nsonga za zala za a Mukhova. Palibe kanthu pamenepo.